Mwendo wa Eni Nthaka

Amuna anga ndi munthu wofatsa, mkulu wa mpingo, wosamwa, wosasuta, wosadziwa kunama ngakhale kabodza kakang'ono kopulumutsa munthu. Koma muwayambire nkhani ya uzimba, muona maso awo akusintha. Anakulira ku Kasungu m'manja mwa amalume awo amene anali mlenje, ndipo nkhani za agalu, mikondo ndi nyama yolasidwa ndazimva mpaka makutu kuwawa. Ine ndine mwana wa ku Zingwangwa. Nyama ndinaidziwira kubutchala ili kale pambedza, ndipo sindinafunepo kuidziwa kupitirira pamenepo.

Nthawi imene ndikukambayi tinkakhala motalikirana. Ine ndi mwana wathu wamkazi tinali ku Indianapolis, kufupi ndi Lafayette Road, ndikugwira ntchito pachipatala china cha m'kati mwa tawuni. Iwo anali ku South Bend, pantchito kunyumba yosamalira okalamba, kumabwera kumapeto a sabata akakhala kuti alibe shifiti. Mapepala anga okhalira m'dziko lino anali atatuluka kudzera kuntchito, koma awo anali adakali m'njira. Amene anadikirapo mapepala m'dziko lino akudziwa mmene munthu umayendera, ngati wasenza mazira pamutu. Loya wathu anatiuza mosapsatira kuti, "Musapalamule kalikonse. Mlandu umodzi wokha, bambowa akwera ndege." Kuchokera tsiku limenelo ndinasanduka wapolisi wa m'nyumba mwathu. Akamayendetsa galimoto maso anga amakhala pa sipidi, osati pamsewu.

Kuntchito kwawo anali ndi mnzawo, bambo wamtali wosayankhulayankhula, wa mtundu wa a Dakota, amodzi mwa eni nthaka akale a dziko lino. Chinawagwirizanitsa ndi nyama yomweyo. Akamatembenuza okalamba pabedi, nkhani inali ya mapazi a nyama ndi kumene mphepo ikuchokera. Chaka chilichonse masamba akayamba kuyoyoka, mnzawoyo ankatenga tchuthi n'kupita kwawo, kutali chakumadzulo, kukasaka mbawala za kuno zimene amati diya. Chaka chimenecho anatiitana.

Ndinakana. Ndinakana ndi pakamwa, ndinakana ndi nkhope, ndinakana ndi mapoto omwe. Mfuti ndi mapepala zikhalirana bwanji? Koma amuna angawo, bambo a mwana, anapita kukaphunzira malamulo osakira, anakhoza, anatenga laisensi ya boma la chigawo chimene timapitacho, ndipo loya nditamuimbira anati ndi laisensi imeneyo palibe cholakwika. Anabwera nayo kunyumba akumwetulira ngati mwana wakhoza mayeso a sitandade eyiti. Zaka zonsezi m'dziko lino sindinawaonepo akufuna kanthu kaokha. Mtima unandifewa. Ndinati chabwino, koma ndipita nawo, ndikakuyang'anireni. Mwana tinamusiya kwa mayi wina wa kumpingo.

Ulendo wake ndi wautali, wa minda yokhayokha ndi thambo. Tili m'galimoto mnzawoyo anatifotokozera malamulo a kwawo, ndipo ine ndinatchera khutu kuposa mwini wake wa laisensi. Anati nthaka ya kumeneko ili ngati chitenje cha zigamba. Chigamba ichi n'cha mtundu wawo, chotsatira n'cha mlimi wachizungu, chinacho n'cha mtundu wawonso, ndipo cholekanitsa ndi mpanda wa waya basi. Panthaka ya mtundu wawo pali boma lawolawo, malamulo awoawo, a gemu awoawo oteteza nyama. Laisensi imene bambo anatenga ija pamenepo ndi pepala wamba. Mlendo amafunika chilolezo cha eni ake, ndipo chaka chimenecho zilolezo za alendo zinali zitatha. Ndiye iye anali atapempha mlimi wina woyandikana nawo kuti bambo akasake m'munda mwake.

"Chinthu chimodzi chokha," anatero m'Chingerezi chake chodekha. "Mukailasa n'kulumpha waya, isiyeni. Musaitsatire. Mundiimbire, ine ndiimbira wa gemu, tikalowe naye limodzi."

"Mwamva?" ndinatero m'Chichewa, ndikuwagwira paphewa kuchokera kumbuyo.

"Ndamva, mayi."

"Bwerezani."

Anabwereza akuseka. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Tinafikira kwa azakhali a mnzawoyo, amene anamulera. Anali mayi wojintcha, woyendetsa basi ya ana asukulu, wokonda khofi ndi wailesi. Amuna awo, madala okalamba ndithu, ankapuma ndi mpweya wa m'botolo, kapaipi kali m'mphuno. Ine wa kuchipatala nditangowaona milomo ndinadziwa kuti mapapo atopa. Koma nkhani ya kusaka anali nayo pamtima. Sankawombanso mfuti. Ankangokwera m'galimoto ya mphwawoyo, mnzawo wa bambo uja, botolo pamiyendo, zenera lotsegula, n'kumamulozera kokaima. Azakhali anandiuza kuti chaka chonse madalawo amakhalira kudikira masiku amenewa.

M'mawa mwake mnzawoyo anakasiya bambo m'munda wa mlimi uja, atawaveka chovala chowala ngati cha okonza misewu, kenaka iye ndi madala analowera mbali ina, kunthaka ya mtundu wawo. Ine ndinatsala ndi azakhali kukhitchini, tikusenda mbatatesi. Mtima sunali m'malo. Kamphepo kakamenyetsa chitseko ndinkadzidzimuka.

Dzuwa litakwera panaima galimoto panja, ndipo analowa mwamuna wa yunifomu, mfuti yaing'ono m'chiuno. Mpeni unandigwa m'manja. Azakhali anaseka n'kunena kuti ndisaope, ameneyu ndi mkamwini wawo, wa gemu wa mtundu wawo, amadutsa pano kudzamwa khofi waulere chifukwa mkazi wake saudziwa kuphika. Anandipatsa moni mwaulemu, anavula chipewa, anakhala. Anali munthu wabwinobwino, wa ndevu zoyamba imvi. Komabe ine yunifomu ndi yunifomu. Ndinkayankha mafunso ake mwachidule ngati ndili pabwalo la ndege.

Ali pakati pa kapu yake, azakhali anasuzumira pazenera n'kuti, "Si amuna anu awo?"

Abale inu. Bambo ankabwera wapansi, kudutsa m'udzu, magazi mpaka m'zigongono, mfuti kumsana, paphewa atasenza mwendo wathunthu wa mbawala. Nkhope ili ngwee. Tonse tinatuluka pakhonde. Atafika pamasitepe anatula mwendo uja pa chovala chawo chowala chija, chimene anachiyala bwinobwino pansi, kenaka ananjuta n'kuyamba kuwomba m'manja mwakachetechete, mwaulemu wa kwathu.

Ine ndinali ndisanamvetse. Ndinkaganiza kuti ndi mphatso chabe ya alendo. Mpaka anatsegula pakamwa, m'Chingerezi chomveka bwino, akuyang'ana azakhali.

"Mayi, nyamayi yagwera panthaka yanu. Kwathu nyama ikafera panthaka ya eni, mwendo umapita kwa eni nthaka. Ndabwera kudzapereka, komanso kudzapepesa."

Thupi lonse linachita tsembwe. Ndinaona wa gemu akuika kapu yake pa khoma la khonde, pang'onopang'ono.

"Abambo, khalani chete!" ndinakuwa m'Chichewa. "Tsekani pakamwa! Simukumuona munthuyu?"

"Ndamuona," anatero. "Nanga ndibise chiyani?"

Wa gemu anatsika masitepe. Sanakweze mawu. Anafunsa kuti nyamayo anailasira kuti. Bambo anati m'munda wa mlimi. Anafunsa kuti inagwera kuti. Bambo anati inalumpha waya ikukoka mwendo wakutsogolo, inatsikira kukhwawa. Anafunsa ngati anailondola. Eya. Ndi mfuti? Eya. Anafunsa ngati anawombanso ali kutsidya kwa waya. Apa ndinawayang'ana ndi maso onse amene Mulungu anandipatsa, ndikupukusa mutu. Ndinapemphera kuti anene kuti anaipeza itafa kale. Ndani akanawatsutsa? Kuthengoko kunalibe munthu.

"Eya," anatero. "Inali ikuvutika. Ndinaimaliza."

Wa gemu anapumira m'mwamba n'kuyang'ana apongozi ake. Azakhali anali atagwira pakamwa. Kenaka wa gemuyo anatambasula dzanja, bambo anamupatsa mfuti, ndipo iye anati tikwere galimoto akaone pamalopo.

Sindidzaiwala ulendo umenewo. Bambo kutsogolo, ine kumbuyo pafupi ndi zingwe ndi mabokosi, fungo la magazi lili thoo. Titafika, zonse zinali poyera ngati zolembedwa. Magazi paudzu mbali ya mlimi, ubweya utakodwa pawaya, chikwangwani pamtengo wa mpanda chonena kuti kuyambira apa ndi nthaka ya mtundu wawo, ndipo kumunsi kukhwawa mbawala ili gone, yopanda mwendo umodzi. Wa gemu anajambula zithunzi, anatola kachitsulo ka chipolopolo n'kukaika m'kathumba. Anafunsa chifukwa chimene bambo sanaimbire foni. Bambo anati anayesa, netiweki kunalibe, ndipo nyama inali ikupita.

Pamenepo ndi pomwe wa gemu anatiuza mawu oopsa. Anati munthu wosakhala wa mtundu wawo akapha nyama panthaka yawo popanda chilolezo, si mlandu wa iwo okha. Akhoza kuutumiza ku boma lalikulu, la dziko lonse. Boma lomwe lija linali ndi mapepala a bambo m'manja.

Ndinagwada. Ine amene sindinagwadirepo mwamuna aliyense chichokereni ku Malawi, ndinagwada m'udzu wonyowa, m'magazi omwewo. Chingerezi chinandithawa, ndinkasakaniza ndi Chichewa. Ndinati bwana, tili ndi mwana. Ndinati munthuyu sanabepo ngakhale singano. Ndinati mukatumiza nkhaniyi mwatipha. Wa gemu anachita manyazi, anabwerera m'mbuyo, nkhope itafiira.

"Mayi, chonde imirirani. Chonde."

Anati si iye wogamula. Pali komiti ya mtundu wawo yoona za nyama, ndipo iye ayenera kulemba zimene waona. Anati akanakhala kuti sanamve, bwenzi zili zina, koma munthu wanena yekha pakhonde la apongozi ake, ndipo mudzi wonse udziwa dzuwa lisanalowe. Akatseka maso lero chifukwa ndi alendo a kubanja, mawa adzamuuza chiyani mzungu wolumpha waya? Anati nthaka imene yawatsalirayi ndi yochepa, ndipo yambiri inapita ndi anthu amene ankati sanaone malire. Sananene mokalipa. Kukanakhala kukalipa bwenzi ndikanapeza pomudera.

Anakweza mbawala m'galimoto, tinabwerera kunyumba, anatenganso mwendo uja pamasitepe. Anati nyama yolandidwa imagawidwa kwa okalamba a m'mudzimo. Azakhali anayesa kundiseketsa, anati chibadwire palibe mwamuna anawabweretserapo mwendo atanjuta. Ine kuseka kunali kutali.

Mnzawo uja anabwera ndi madala pasanapite nthawi, wa gemu atamuimbira. Anali asanaphe kanthu. Anamvetsera nkhani yonse ataimirira, manja m'matumba. Kenaka anathandiza madala kutsika, anawanyamulira botolo, anakawagoneka. Ulendo wosaka unathera pomwepo. M'mawa mwake tinanyamuka.

Ndinadzigwira mpaka pamene tinaima pothira mafuta, mnzawoyo atalowa m'sitolo. Pamenepo ndinaphulika.

"Munabwereza ndi pakamwa panu! Ikalumpha waya, isiyeni! Munabwereza kapena simunabwereze?"

"Ndinabwereza."

"Ndiye chinakulowani n'chiyani?"

Anati nyama yolasidwa siisiyidwa. Amalume awo ankati wosiya nyama ikuvutika kuthengo ndi mfiti. Anati ataona magazi miyendo inangoyenda yokha, ndipo chikwangwani anachiona ndithu, koma anachiona ngati munthu ali m'tulo.

"Chabwino, mwalumpha, mwapha. Bwanji osangobwera manja lendelende n'kukhala chete? Mwendo unali wa chiyani? Munayesa kuno ndi ku Kasungu?"

"Kupha panthaka ya eni osawauza ndi kuba, mayi."

"Kuba n'kwabwino kusiyana ndi kudipotedwa!"

Anandiyang'ana ngati sakundidziwa. Inenso ndinawayang'ana chimodzimodzi. Ndinkawakonda munthuyu, ndipo tsiku limenelo ndikanatha kuwamenya ndi nsapato.

Titabwerera, loya anamvetsera nkhani yonse atatseka maso. Anati tidikire. Ngati ithera kwa eni nthaka konko, adziwa mmene angaifotokozere ndipo mwina sizivuta. Ikapita ku boma lalikulu, anati, tidzakhalenso pansi. Sanamalize, ndipo ine sindinafune kuti amalize.

Masabata otsatirawo ndinkakhala ndi mantha ngati munthu wokhala ndi malungo a m'mafupa. Ndikadzuka, alipo. Ndikamapereka mankhwala kwa odwala, alipo, moti ndinkawerenga dzina la mankhwala mobwerezabwereza chifukwa mutu sunkagwira. Galimoto yachilendo ikaima panja pa nyumba yathu ndinkasuzumira pakatani, n'kupeza ndi wobweretsa katundu wa aneba. Kumpingo sindikanatha kupempha pemphero poyera. Mumawadziwa anthu a kwathu, nkhani imafika ku Lilongwe ameni asananenedwe. Ndinkangokweza dzanja pa zopempha za mumtima, amayi anzanga n'kumandiyang'ana pamimba, kuganiza kuti mwina ndi pathupi. M'sitolo ya zakudya za kwathu pa Lafayette Road ndinkadutsa mofulumira pamene amadula nyama ya mbuzi, chifukwa fungo lake linkandibwezera kukhwawa kuja.

Mwana anaona. Tsiku lina ndinamukalipira chifukwa cha kapu imene anasiya patebulo, ndipo anandifunsa m'Chingerezi chake kuti kodi adadi adwala? Ndinati ayi. Anati nanga bwanji mukulira mukamatsuka mbale? Ndinamuuza kuti ndi anyezi. Panalibe anyezi.

Ndinkawaimbira bambo pa buleki iliyonse. Akayankha, ndinkangoti, "Muli?" iwo n'kuti, "Ndili," basi. Ndikawafunsa za mnzawo uja ankati akugwira ntchito bwinobwino, amapatsana moni, koma nkhani za nyama zinatha. Tsiku lina masana foni yawo inangoitana osayankhidwa. Ndinaimbanso, chimodzimodzi. Ndinaimbanso, inali yozima. Mayo ine. Ndinawaona m'maso mwanga atamangidwa unyolo, atavala zovala za akaidi, akufunsidwa mafunso n'kumayankha zoona zokhazokha. Ndinauza wamkulu wathu kuti kunyumba kwagwa zadzidzidzi, ndinalowa m'galimoto, ulendo wa ku South Bend. Ine wapolisi wa sipidi uja, tsiku limenelo ndinathamanga moti ndikanagwidwa ndine. Njira yonse ndinkakonza mawu okamuuza mwana. Ndinkaganiza za nyumba, za sukulu yake, zoti kodi tiwatsatira ku Malawi kapena titsala, ndipo yankho lililonse linkandibaya.

Ndinafika, ndinagogoda ngati wamisala. Anatsegula ali ndi tulo m'maso, atavala kabudula. Anali atagwira shifiti ya mnzawo wina, foni inatha moto ali m'tulo. Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo. Iwo anakhala pambali panga. Pamenepo ndi pomwe ndinaona kuti aonda, kolala ya malaya ikulendewera. Anandiuza kuti m'thumba la jekete amayenda ndi mankhwala awo a BP ndi nambala yanga yolemba pakapepala, kuchitira kuti akawatenga ali kuntchito. Nthawi yonseyi ndinkayesa kuti woopa ndine ndekha.

Kenaka mnzawo uja anatenga masiku kuntchito osanena kumene akupita. Bambo anandiuza pafoni ndi mawu otsika. Tonse tinadziwa kuti komiti ikukumana. Masiku amenewo sindinadye chakudya chodziwika.

Foni ya bambo inabwera ndili pamalo oimika magalimoto a chipatala, nditangoweruka.

"Mayi, zatha."

"Zatha bwanji? Yankhulani bwino!"

Anati wa gemu wawaimbira. Nkhani siipita ku boma lalikulu, yathera komweko. Chilango chawo n'choti asadzapondenso panthaka ya mtundu uja kwa zaka zingapo, kaya kudzasaka kaya kudzacheza.

Ndinaseka ndikulira. Ndinati asapondenso? Ndani amafuna kupondakonso? Ngakhale atandilipira! Ndinaimba nyimbo ya kumpingo m'galimoto ndekha, anthu odutsa akundiyang'ana. Kunyumba ndinamunyamula mwana, msinkhu wake wonsewo, mpaka anati amami mwapenga.

Mawa lake ndinati ndiwaimbire azakhali aja kuwathokoza, poganiza kuti mwina anayankhulako kwa mkamwini wawo. Anandilandira bwino, anafunsa za mwana. Nditayamba kuthokoza anandidula.

"Musathokoze ine. Sanakuuzeni?"

Anandifotokozera mosakometsera, ngati akunena za nyengo. Mphwawo uja anaimirira pamaso pa komiti n'kunena kuti munthuyu ndi mlendo wanga. Ndinamubweretsa ndine, ndinamusiya yekha pafupi ndi mpanda ndine, pamalo opanda netiweki, ndikudziwa kuti sanasakepo kuno. Kwathu mlendo akalakwa amayankha ndi womuitana. Ena m'komitimo ankafuna kuti nkhaniyo ipite kutsogolo, likhale phunziro kwa alendo onse. Iye anawapempha kuti chilango achiike pa iye. Anavomera. Anamulanda ufulu wosaka panthaka ya makolo ake kwa zaka zofanana ndi za bambo.

Ndinafunsa za madala, kuti nanga adzapita ndi ndani.

"Sakwera galimoto ya wina," anatero azakhali. "Ndayesa kuwauza. Akuti adikira."

Ine ndi amene ndinawaona milomo ija. Ndinadziwa kuti zaka zingapo alibe, ndipo ndikukhulupirira kuti azakhali ankadziwa, ndi mphwawo yemwe ankadziwa pamene ankaimirira pamaso pa komiti.

Nditawauza bambo pafoni, ndinapeza kuti sankadziwa. Mnzawoyo sanawauze kalikonse. Anangobwerera kuntchito n'kufunsa kuti wodwala wa m'chipinda chakumapeto wadya kapena ayi. Bambo atayesa kuyambitsa nkhaniyo, iye anati zinatha, tiyeni tigwire ntchito. Ndinaphika chakudya chambiri Loweruka lina n'kupita nacho ku South Bend kuti ndikamuthokoze. Analandira pakhomo ndi manja awiri, anathokoza, anafunsa za mwana. Mawu onse amene ndinakonza panjira ndinabwerera nawo. Ungamuthokoze bwanji munthu pa chinthu chotere? Ndinkamuopa kuposa mmene ndinkaopera wa yunifomu uja.

Mapepala a bambo anatuluka chaka chotsatira. Loya anaifotokoza nkhani ya mbawala mmene inalili, ndipo sinatitsekere njira. Anthu a kumpingo anabwera kudzasangalala nafe, kunali nyimbo ndi nthungululu. Masamba atayambanso kuyoyoka, mnzawo uja sanapemphe tchuthi. Masabata onse osaka anawathera m'makonde a nyumba ya okalamba, akukankha njinga za odwala limodzi ndi bambo.

Madala anamwalira chisanu chitafika pachimake. Tsiku limenelo ndinali ku South Bend. Uthenga utangofika, bambo sanafunse munthu. Anatulutsa jekete lawo lakuda, anapukuta nsapato, anandiuza kuti ndiwaikire zovala m'chikwama. Inenso ndinatenga chitenje changa. Kwathu maliro saitanira, ndipo munthu amene sunamuthokoze ali moyo umakamugonera pansi pa maliro ake. Tinapita kunyumba kwa mnzawoyo, tinamupeza akulongedza m'galimoto. Bambo anamugwira dzanja, anapepesa, kenaka anati ayendetsa ndi iwo kuti iye apume, ulendowu ndi wautali.

Anayang'ana jekete lija, anayang'ana chikwama, anayang'ana ine ndi chitenje changa. Anayankhula mofatsa kwambiri.

"Achimwene," anatero, liwu limodzi la Chichewa limene anaphunzira kuntchito. "Simungapiteko. Manda ali panthaka yathu."

Tinali titaiwala. Ine amene ndinaseka pamalo oimika magalimoto paja ndinaima ngati chitsa. Bambo anafunsa ngati pali chilichonse, chilichonse, chimene angachite.

Mnzawoyo anaganiza pang'ono. Anati ali ndi mashifiti sabata imeneyo amene sanapeze womugwirira.

Tinaimirira m'chipale chofewa mpaka galimoto yake inakhota pakona. Titabwerera kunyumba bambo anavula jekete lakuda lija, analipachika, anavala yunifomu. Ndinawaperekeza mpaka pageti la kuntchito, ndipo njira yonse misozi yawo inkangotsika, osaipukuta.